Mmene Ndinatsekera Ofesi Yonse ndi Desiki Imodzi

Anzanga, pali uchitsiru wobadwa nawo, ndiye pali uchitsiru wina wovala suti ya safari, wokhala ndi mabolopeni atatu m'thumba koma yolemba imodzi yokha. Wachiwiriwu ndi umene unali wanga, zaka zija za chipani chimodzi, ndili kalaliki pa kaofesi kena ka khonsolo m'tauni mu Lusaka muno. Ntchito yanga inali kudinda ziphaso za anthu ogulitsa m'misika, ndipo ofesi yathu inali pamwamba, masitepe ake okwera, kukhota pakati, n'kukweranso.

Chidindo chathu chinabedwapo kamodzi, anthu n'kumadindira ziphaso zabodza m'makomboni, ndiye ine, wanzeru wa m'banja mwathu, ndinapita kwa bwana wathu a Daka ndi malamulo awiri. Loyamba, chidindo chimangidwe tcheni ku desiki yanga. Lachiwiri, chisadinde pepala ngati mwini wake sanaime pamaso pake. Bwana anandiyamikira anzanga onse akumva, ine n'kuyenda chotukumuka sabata yathunthu, moni ndikuyankha ndi mutu wokha.

Tsiku lomwe ndikunenali linali lomaliza kukonzanso ziphaso, komanso tinali titauzidwa kuti ikakwana teni koloko ofesi itsekedwe, tonse tikwere lole tikandande mumsewu wa ku bwalo la ndege kukakupizira timbendera mlendo wa boma. Masiku amenewo kujomba zoterezi kunali kudziputira mafunso ovuta kuyankha. Itangodutsa naini, mesenjala wathu Ba Mulenga, bambo wachikulire wosapupuluma pa chilichonse, anasuzumira pakhomo.

"Ba Mwanza, pansi pali amai benangu, bakamba ati mubwele."

"Nibwele ine? Ofesi ili kuno."

"Sibangakwele."

Ndinatsika ndikung'ung'udza. Pansi pa masitepe ndinapeza Amai Sakala, telala wa pamsika wa ku Kabwata, wosoka mayunifomu a ana asukulu ndi makina opukusa ndi dzanja. Miyendo yawo inafooka ndi poliyo ali mwana, choncho ankayenda pa njinga ija ya matayala atatu yopalasa ndi manja, ndipo m'mawa umenewo anali atapalasa kuchokera ku Kabwata mpaka m'tauni, thukuta lili kamukamu. Anandiuza kuti tcheyamani wa chipani pamsika walengeza kuti amene mawa m'mawa adzakhale alibe chiphaso chodinda, malo ake apatsidwa wina, ndipo mlamu wa tcheyamaniyo anali atayamba kale kuyeza malo awo ndi mapazi iwo akuona. Ana anayi kunyumba ankadalira makina amenewo.

"Tengani pepala iyi mukadinde, munibwezele," anatero. "Mwaniona kale kuti nine munthu."

Tsopano inu mukanatani? Mukanatenga pepala, kukwera, kudinda, kutsika, mphindi ziwiri basi. Koma ine ndinaganiza za anzanga pamwamba paja, amene ankangodikira tsiku loti andione ndikuphwanya lamulo langa lomwe.

"Amai, lamulo ikamba kuti mwine wa pepala azikhala pamenso pa chidindo."

"Lamulo ya ndani?"

"Ya boma," ndinatero osaphethira n'komwe, Ba Mulenga n'kuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani. "Koma osadandaula, ine na Ba Mulenga tizakunyamulani."

Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumabolopeni.

"Chaka chatha bananinyamula, chitenje chinamasuka pakati pa masitepe, bamuna bonse pa laini kuyangana. Nine mukazi wa munthu ine, si saka ya unga. Sinikwela."

Manyazi anandigwira, ndisaname, chifukwa tsiku limenelo ndinalipo, ndipo ndinali mmodzi wa oyang'anawo. Ndiye m'malo moti manyaziwo andipatse nzeru, anandipatsa ukatswiri. Ndinati ngati munthu sangakwere kupita ku boma, boma litsike! Ndinadziona kale m'nyuzipepala, chithunzi changa chili pakati, pansi pake atalemba kuti kalaliki wokonda anthu. Ba Mulenga anangopukusa mutu n'kuti, "Awe mwandi," koma ananditsatira.

Desiki imeneyo, abale, inali ya mlombwa, yosiyidwa ndi atsamunda, ndipo ndikukhulupirira kuti anayamba kuiika iyo kenako n'kumanga nyumba moizungulira. Sitinachotse mafayilo, nthawi inali kuti? Ine ndinagwira kutsogolo ndikutsika chafutambuyo, Ba Mulenga kumbuyo. Pakhomo tinathyola chogwirira chitseko, ndinati palibe kanthu. Masitepe oyamba tinatsika mwaulemu ndithu, desiki ikundikankha pachifuwa, ine ndikulamula ngati kapitawo, mpaka tinafika pokhota paja. Ndinati tipendeke, tinapendeka, mwendo umodzi wa desiki n'kulowa pakati pa zitsulo zogwirira, ngodya ina n'kuluma khoma, gwa!

"Kankhani, Ba Mulenga!"

Anakankha. Inalowereratu.

"Donsani manje!"

Anakoka, koma desiki inali itapeza kwawo. Ine ndinatsala chopanikizika pakati pa desiki ndi khoma, thumba la safari litang'ambika, mabolopeni akugubuduka kutsika masitepe imodziimodzi. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, dirowa ya pansi inatseguka yokha n'kugwa, kukhuthula chuma changa chonse chobisika: masokosi osinthira, chipeso chothyoka mano, ndi mbatata ziwiri zophika, kandolo m'kunena kwa kuno, zimene mkazi wanga anandimangira. Mbatata imodzi inadumpha sitepe ndi sitepe mpaka kukaima pa tayala la njinga ya Amai Sakala. Anaitola, anaipukuta, n'kuiika pamiyendo.

Nthawi yomweyo lole inafika panja, hutala pipiii! Kumbukirani kuti njira yotsikira inali imodzi yomweyo. Pamwamba panali atatsekeredwa makalaliki onse, amayi otayipa atavala kale zitenje za chipani, ndi bwana Daka, munthu wa mimba yake yolemekezeka, wokhala ku Woodlands kwa anthu olemera, amene chiyambire sindinamuonepo akudumpha ngakhale ngalande. Analowa anyamata a chipani atatu, akuluakulu a ndevu zawo, mmodzi ataona njira yotsekekayo n'kundiloza.

"Ndani wavala njila? Iwe comrade, ufuna kuononga pulogilamu ya boma?"

Mawu amenewo masiku aja ankatha kumuchotsa munthu ntchito, nyumba ya khonsolo n'kupita nayo limodzi. Ndinafuna kufotokoza kuti ndikuthandiza anthu, koma desiki inali itandifinya moti chinatuluka ndi kamawu ngati ka mwanapiye. Anayesa kuikoka atatu onse, inakana. Ndiye anagamula kuti anthu adutse pamwamba pake. Amayi otayipa anakwawa mmodzimmodzi atagwira zitenje zolimba, aliyense podutsa pamutu panga akundisiyira mawu ake, ena ndi chidendene chomwe. Potsiriza panatsala bwana. Anyamata aja anawagwira wina m'khwapa, wina miyendo, n'kuwagoneka chafufumimba pa desiki yanga, nsapato imodzi n'kuvuka.

"Gwilani bwino! Muzanigwetsa imwe! Osanigwila apo!"

Pansi paja panamveka mawu odekha a Amai Sakala.

"Osayopa bwana, sibazakugwetsani. Na ine bamaniuza so chaka chili chonse."

Bwana atatera pansi, nsapato ili m'manja, sanawayang'ane mayiwo kumaso, anatembenukira kwa ine n'kunena motsitsa mawu, mmene amalankhulira munthu amene wakwiya zenizeni, kuti andipatsa mphindi zisanu, ndidinde ndisadinde ndikwere lole, zotsalazo tikakambirana Lolemba.

Ndinadzisolola pakhoma paja, ndinagwira chidindo, ndinakoka tcheni, koma tcheni yake inali yotalika ngati mkono wanga, ndipo mayiwo anali masitepe khumi pansi. Apa mtima unandipweteka zoona, chifukwa ndinaona kuti ndasokoneza nyumba yonse ya boma koma munthu uja abwerera ku Kabwata chimanjamanja, mawa makina ake akawaika panja. Ndinatsala pang'ono kuwapempha mogwada kuti alole tiwanyamule masitepe khumi okhawo.

"Ba kalaliki," anaitana. "Iyo tcheni munamangilila pati?"

"Ku desiki, amai."

"Pati pa desiki?"

"Mukati mwa dilowa ya pamwamba."

"Manje dilowa siichoka? Ija ya kandolo yachoka yeka."

Ndinayang'ana dirowa. Dirowa inandiyang'ana. Ndinaikoka ndi zala ziwiri, inatuluka yonse mwaulemu, tcheni, chidindo ndi zonse, yopepuka ngati mbale. Ndipo mukudziwa amene anakhomera tcheniyo m'dirowamo ndi manja ake, akuimba kamluzu? Ine ndemwe! Ndiye kuti zaka ziwiri zonse zimene ndinkadzitama kuti chidindo cha boma n'chotetezeka, wakuba aliyense akanangosolola dirowa n'kumapita nayo kwawo. Ba Mulenga, amene anali adakali kuseri kwa desiki, anaseka mpaka kukhala pansi.

Ndinatsika masitepe khumi aja nditanyamula dirowa ngati mphatso ya ukwati. Nditafika ndinazindikira kuti kabokosi ka inki kali m'dirowa ina, imene inali itatsamira khoma. Hutala ikulira panja, ndinachita zimene kalaliki aliyense amadziwa: ndinachiuzira mpweya chidindo chija, haa, haa, haa, ngati ndikutsitsimutsa munthu wokomoka, n'kuchikanikiza papepala ndi thupi langa lonse, pepalalo lili pa bokosi la kumbuyo kwa njinga. Chinatuluka chotuwa, koma chowerengeka. Amai Sakala anachiyang'anitsitsa, tsiku lake ndi zonse, anapinda pepala n'kulibisa m'bulauzi, kenako anandibwezera mbatata yanga.

"Mudye, mwasebenza maningi," anatero, n'kuliza belu la njinga, ulendo wa ku Kabwata.

Chidindo cha boma sungachisiye pamasitepe, ndipo kumtunda kunali kosakwereka. Choncho ndinakwera nayo lole dirowa ija, n'kukaima nayo mumsewu wa ku bwalo la ndege maola atatu padzuwa, dzanja lina kambendera, lina dirowa, tcheni ikulira ngwerengwere. Galimoto ya mlendo podutsa, ndikulumbira, munthu uja anatembenuka kundiyang'ana kawiri, ndipo mwina mpaka lero kwawoko amafotokoza kuti ku Zambia alendo amawalandira ndi dirowa.

Desiki inakhala pokhota paja masiku atatu, mpaka anabwera akalipentala n'kuidula miyendo yonse inayi. Lolemba bwana sanandichotse ntchito, anachita zoposa pamenepo. Analamula kuti popeza ndimakonda kutsitsa boma, desiki yodulidwayo iikidwe pansi pafupi ndi khomo, ndizigwirira ntchito pomwepo. Inali itafupika moti Amai Sakala atabwera chaka chotsatira anangoyandikiza njinga yawo n'kusaina atatsamira bwinobwino, ndipo m'mbuyo mwawo munabwera ena a ndodo, akhungu ndi nkhalamba zimene kale zinkangobwerera pakhomo. Akuluakulu atabwera kudzaona anayamikira kwambiri nzeru za a Daka, iwo n'kumagwedeza mutu modzichepetsa.

Ine ndinakhala pa desiki yofika m'mawondo imeneyo zaka zisanu ndi zinayi, ndiye mukandiona ndikuyenda chowerama musamati ndi ulemu. Ndinalumbira kuti sindidzapanganso lamulo, ngakhale la m'nyumba mwanga, ndipo munthu akandiuza kuti tengani pepala mukadinde, ndimathamanga asanamalize n'komwe kulankhula.