Malipiro a Wonyamula Chikwama

Nzeruyi inabadwira pa kachasu ku Ulongwe, botolo lachitatu litafika pakati. Mwini wake anali Celestino, amene anzake ankamutcha Dotolo chifukwa anakhalapo kalaliki miyezi iwiri asanamupirikitse. Ndalama ankazifuna, inde, koma chimene chinkamudya mumtima n'chakuti panalibe amene ankamuyesa wophunzira.

"Ku Domwe kuli a Zélia ndi a Francisca," anatero. "Ali pa sosiyedade, bizinesi yogawana phindu, amagulitsa kachewere pamodzi. Loweruka akugawana phindu. Tipita ngati a msonkho, masanasana. Sitithyola chitseko, atipatsa okha."

Caetano, wotchedwa Ngolo chifukwa cha msana wake, anapatsidwa chikwama choti azinyamula. Pascoal, amene dzina lake lenileni linakwiriridwa ndi lakuti Kachala, anasema chidindo cha boma pa kachewere wamkulu. Anapangana kugawana patatu, mofanana.

Loweruka anatsika shapa, minibasi ya kumeneko, atavala majekete obwereka, la Ngolo manja akulekezera m'zigongono. Atamva kuti ndi a msonkho, a Zélia anawalowetsa m'nyumba yosungira katundu mosangalala modabwitsa.

"Mwachita bwino kubwera, a shefi, mutiweruze. Ine ndimaswera muno tsiku lonse, ndiye mwezi uliwonse ndimatapako pang'ono. Anzangawa akuti ndikudyeratu phindu langa. Ine ndikuti ndi malipiro. Msonkho wake uyenda bwanji?"

Mbava yanzeru ikanangolandira chake n'kuliyatsa liwiro. Koma Dotolo anali asanapemphedwepo nzeru chibadwire, ndipo mtima unamukomera mpaka misozi kulengeza. Anakhala pa thumba la kachewere, nasanjikiza miyendo.

"Mayi, wogwira ntchito amayamba walandira malipiro ake. Zotsalazo ndiye phindu, mumagawana. Chilichonse chili ndi msonkho wake."

A Francisca anang'ung'udza, komabe anakatenga chitini cha ndalama n'kuchiika patebulo. Ntchito inali itatha. Apo ndi pamene Ngolo anatula chikwama pansi.

"Tabwerezani, Dotolo. Wogwira ntchito amayamba watani?"

"Nyamula chikwama, iwe."

"Ndachinyamula kuchokera ku Ulongwe. Ndiyambe ndalandira zanga, zotsalazo patatu."

"Nanga chidindo anasema ndani?" anatero Kachala, akuchitulutsa m'thumba. "Kacheweretu ndinagula ndekha."

"Khalani chete, mbuzi inu! Tikagawana kutchire!"

Amayi awiriwo anayang'ana chidindo chija, chimene chinali chitayamba kale kuphuka, kenako anayang'anana. Chaka chonse anali asanagwirizanepo pa kanthu. A Zélia ananyamula chitini, a Francisca anakoka chitseko ndi kukhoma loko panja. Akuluakuluwo sanamve n'komwe, chifukwa Kachala anali atagwira Dotolo pakhosi kuti atchule mtengo wa kusema.

Kupolisi, mkulu wake anawandandalitsa pansi nafunsa kuti eni ake a bizinesi imeneyi ndani. Dotolo anakonza kukhosi kuti afotokoze mwaukadaulo, koma Ngolo anali atakweza kale dzanja.

"Ine pa sosiyedadeyi sindilipo, a shefi. Ndine wantchito chabe, ndipo mpaka pano sanandilipire."