Makina Anga Oitanira Anthu ku Ukwati

Inu a Jere, tsekani pakamwapo ntchentche zingalowe, ndipo amene akuti ndikunama aimirire pa thumba lake la kachewere anene ndikumva! Ine Zakariya, amene mukundiona ndikudikira chapa, minibasi yathu ija, pa msika wa Tsangano ndi jekete yopanda thumbayi, ndine ndinaphunzitsa makompyuta duzentu, mazana awiri athunthu, kudziveka okha. Ndikanama mphezi indipeze pomwe pano.

Panali empreza ina, kampani yaikulu, imene inamanga nyumba ya makompyuta kumtunda uku, poti kuzizira kwathu kuno n'kwaulere. Mtambo umene ana anu amati amasungako zithunzi si wa mvula ayi, ndi nyumba ngati imeneyo, yodzaza makina amene anthu akutali amabwereka pa intaneti. Makinawo amafika ali maliseche, chitsulo chokhachokha, osadziwa ngakhale dzina lawo. Ntchito yanga inali kuwaveka: kuikamo mapulogalamu, kuwatcha maina, kuwatsekera zitseko kuti akuba asalowe. Kompyuta imodzi inkandidyera tsiku lathunthu.

Ndiye Lachinayi lina chigalimoto chatsitsa makina duzentu, a shefe athu a Dona Amelia n'kuti, "A Zakariya, simuchoka pano mpaka onsewa atavala." Epa! Loweruka lomwelo mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, Rozinya, akukwatiwa ku Furancungo, ndipo akazi anga a Nangozo anali atalumbira kale kuti ndikapanda kuoneka m'tchalitchi ndizikagona kukhola ndi ng'ombe mpaka imfa. Mtima unandiwawa, anthuni. Mwana amene ndinkamubereka ndekha kumbuyo popita naye kuchipatala, akwatiwe ine kulibe?

Ndinakhala pansi, ndinaganiza mpaka utsi kutuluka m'makutu, n'kudzifunsa kuti kodi wofesa fodya amaika kanjere kamodzikamodzi? Basi ndinalemba fayilo imodzi yokha ya malamulo, yoti kompyuta iliyonse ikadzuka iwerenge pamenepo, ivale izi, idzitche dzina ili, itseke zitseko izi, ndipo munthu akasintha kanthu, iyo ibwezeretse momwe ndalembera ine. Mukumva? Ibwezeretse! Mawu amenewo muwasunge.

Nditangodina batani, kompyuta yoyamba inatsokomola, n'kudziveka, n'kugwedeza inzake, inzakeyo n'kudzutsa khumi, khumiwo n'kudzutsa mzere wonse, timagetsi tobiriwira kuthwanima mpaka dzuwa kuchita manyazi, mphepo yotuluka m'makinamo kupeta nyemba za midzi itatu n'kukaumitsa fodya ku Chidzolomondo, malamulo aja kutsika ndi waya n'kulowa mu mota yanga, njinga yamoto imene inali itafa zaka zitatu, iyo n'kudziliza yokha pabwalo, ng'ombe zanu zomwezi a Jere n'kufola pamzere malinga ndi msinkhu, mukane ngati sizinatero! Purontu, makina duzentu onse anavala madzi a tiyi asanawire. A Dona Amelia anangogwira pakamwa n'kundilozera khomo.

Ndinakwera mota ija, ndinathamanga mpaka mthunzi wanga kutsala pa mlatho ukupuma, ine kufika ku Furancungo Lachisanu, fumbi langa kufika Lamulungu. Loweruka ndinamugwira dzanja Rozinya kulowa naye m'tchalitchi. Ndinalira, sindibisa, ndinalira ngati mwana, a Nangozo n'kundipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chawo pamaso pa anthu.

Titatuluka panja, ndinadabwa kuona anthu kuyambira pakhomo mpaka kuseri kwa phiri, ena pa chapa, ena pa ngolo, ena ndi ndodo zawo. Apo m'pamene ndinakumbuka. Poyesa ngati fayilo ija ikugwira ntchito, ndinaikamo lamulo loti makina atumize uthenga Lachisanu, ndipo uthenga umene unali pafupi unali uja woitanira abale: "Loweruka kuli ukwati kwa a Zakariya ku Furancungo, bwerani nonse." Deti mulibe. Kuchotsa ndinaiwala, poti mtima unali kale pa mota. Makina duzentu, omvera ngati mmene ndinawaphunzitsira, anautumiza ku foni iliyonse ya ku Tsangano ndi ku Macanga.

Sabata inayo, Lachisanu, uthenga uja wapitanso! A Dona Amelia akafufuta, makina kubwezeretsa. Anabwera akatswiri ovala mataye, kufufuta, makina kubwezeretsa. Mukuti bwanji osangokonza fayiloyo? Funso labwino, a Jere, lero mwaganiza. Mawu otsegulira fayilo ndinawalemba pa kapepala, kapepala m'thumba la jekete ino, thumbalo inadya mbuzi, mbuziyo ndi imene tinayambira kupha pa ukwati.

Ndiye kwathu mlendo woitanidwa sabwerera ndi njala, mukudziwa inunso. Mbuzi zinatha, nkhuku zinatha, ng'ombe zinatsatira imodziimodzi. Rozinya ali ndi ana atatu tsopano, koma Loweruka lililonse amavala diresi yake ija, anthu n'kumuvinira. Ndani pano amene anapezeka pa ukwati wa mwana wake kambirimbiri kuposa ine?

Chimodzi chokha ndivomere. Kukhola kuja ndikugonako ndithu, poti alendo amadzaza nyumba, ndipo ng'ombe zoti n'kundifunditsa mulibenso.

Mukusekabe? Lero ndi lachingati? Ehe, Lachisanu. A Jere, foni yanu ikulira m'thumbamo, tulutsani muwerengere anzanuwa mokweza. Mawa mubwere, koma mbuzi mutenge yanu.