Injini za Kumchira Ndinamata Ndine

Ofuna kuseka aseke, koma inu a Tembo ikani kapu pansi mumve kaye, chifukwa m'mawa umenewo inu kunalibe. Ndinali ndekha mu ofesi ku Citywest, huva yokokera fumbi kumsana, mopu kudzanja lamanja, chidebe kumanzere, phazi likukankha bini, thukuta likuyenderera mpaka kunyowetsa kapeti, ndikuthamangira basi ya ku Crumlin komwe ntchito yachiwiri inkandidikira. Zinali zaka zija Dublin yense ankamangidwa, moti ukaika chikwama pansi kuti umange nsapato, podzuka unkapeza atamangapo nyumba.

Ofesiyo inali ya anthu ojambula mapulani a ndege, osati zikuluzikulu zowoloka nyanja, koma zing'onozing'ono zodumpha mzinda ndi mzinda. Patebulo la bwana panali kandege kachitsanzo, kotalika ngati mkono wanga, ndipo ogula ankabwera tsiku lomwelo kudzakaona. Ndinangotembenuka, paipi ya huva n'kukakwapula. Phwa! Mapiko uku, injini ziwiri uko.

Mukumva? Mtima unagunda mpaka mawindo kunjenjemera, alamu ya galimoto panja n'kuyamba kulira. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anamangika pa ntchito imeneyo. Kundichotsa kunali kundibweza ku Ndirande, mwana wanga Tiyamike n'kusiyira sukulu panjira.

M'chikwama munali guluu wa wigi. Ndinatola mapiko. Lina analilemba L wa kumanzere, lina R wa kumanja. Tsono kusukulu yathu ya akuluakulu yophunzira Chingelezi ku Finglas, aphunzitsi anali atalimbana nane nyengo yonse yozizira pa zilembo ziwirizi. Iwo akati "right", ine "light". Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, kwathu chimenechi ndi chilembo chimodzi chosintha malaya, tiyeni patsogolo, ine ndilibe nthawi." Ndiye phiko la uku ndinalimata uko. Pofuna kukoloweka injini pansi pa mapiko, mabowo osakumana. Ndinakankha, ndinapemphera, ndinatukwana, ndinapempheranso, lifiti ikulira kuti anthu akukwera, mpaka nzeru inabwera yoti cholemera timabereka kumbuyo ngati mwana, ndipo ndinazimata kumchira, ina mbali iyi ina mbali iyo, n'kuuzira kuti ziume, koma ndi mantha ndinauzira mwamphamvu moti kandege kananyamuka, kuzungulira nyali, kutuluka pawindo, kukabalalitsa nkhosa kumapiri, n'kudzatera pamalo pake chitseko chikutseguka. Ndikulumbira pa manda a mayi anga.

Bwana anafiira ngati tomato. Koma mkulu wa ogula, mdala wa magalasi, anazungulira tebulo n'kunena kuti, "Phokoso lonse latsala kumbuyo. Apaulendo azigona." Bwana analowererapo msanga. "Ndi nzeru zathu zatsopano," anatero. Ine ndili kuseri kwa chitseko, nditakumbatira mopu. Mapiko anadzawatembenuza okha, koma injini anazisiya pomwepo.

Ntchito inapulumuka, tulo ndiye tinathawa. Mai Banda, inu mumavala wigi, auzeni anzanuwa zomwe guluu uja amachita mvula ikagwa. Nanga dziko lino mvula imapuma? Ndege iliyonse ikadutsa pamwamba pa Finglas ndinkavala chidebe kumutu, kudikira injini. Ndinaonda mpaka yunifomu kundizungulira kawiri.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumuimitsa bwana pakhonde. Ndinkafuna kumuuza kuti ndegeyo ndi "wrong", koma pakamwa panatuluka "long". Anandiyang'ana, n'kundigwira chanza, n'kundipatsa mabisiketi. Mwezi wotsatira anaitalikitsa, kuwonjezera mipando! Mukundimva? Anthu ochulukirapo, guluu yemwe uja.

Kenako Tiyamike anamaliza sukulu, n'kupeza mwamuna, ukwati n'kukonzedwa kwathu ku Ndirande. Ndinagula chipewa cha mayi wa mkwatibwi, chachikulu moti pakhomo la basi chinalowa chopendekeka. Kubwalo la ndege ndinadutsa zonse bwinobwino, mpaka ndinafika pawindo lalikulu lija n'kuona yoti itinyamule chigawo choyamba cha ulendo. Yayitali, yowonda, injini ziwiri kumchira, mvula ikuikhuthukira. Ndinakuwa mpaka apolisi kutembenuka. Ndinauza mtsikana wa matikiti kuti atsitse anthu onse. Anandipatsa madzi akumwa. Ndinanyamula chipewa changa n'kukakwera basi yobwerera.

Mukuti chiyani a Tembo? Ndege zotere zinalipo ine ndisanafike kuno? Mwawerenga? Chabwino, inu odziwa L ndi R, kwerani. Ine ukwati wa mwana wanga mmodzi yekhayo ndinauonera pa DVD, pampando wanga atakhalapo mlamu wanga, ndipo chipewa chija chikadali m'bokosi pamwamba pa wadirobu.