Mmene anandichotsera m'mayeso a kompyuta

Nkhaniyi ikukhudza ine, Bambo Kamwendo, hedimasitala wopuma wa kwa Mponda. Ikukhudzanso mdzukulu wanga Chisomo. Komanso Mayi Saidi, manijala wa hotela ina ku Makokola. Manyazi onse ndi anga.

Hotelayo inkafuna munthu wolemba pulogalamu ya pakompyuta yosungitsira zipinda. Chisomo ali ndi digiri, koma chilengezo chinati aliyense abwere, satifiketi si yofunika. Aliyense! Ndinamanga tayi n'kumuperekeza kuti ndikadandaule.

M'holo munali anyamata a patapata, mtsikana wogulitsa mayunitsi, ngakhale woyendetsa boti wa ku Chembe, ati onse anaphunzira pafoni. Ndinakhala pampando kudikira manijala. Mwadzidzidzi Mayi Saidi anaika laputopu patsogolo panga.

"Mayi, ine sindi..."

"Musaope agogo, zaka sitiyang'ana. Yambani nonse!"

Chitseko chinatsekedwa. Ine ndinaphunzira kumishoni: mayeso akayamba, pakamwa pamatsekedwa. Ndinangokhala.

Kenako ndinaona zoopsa. Wakumanja kwanga akusaka mayankho pa intaneti! Wakumanzere akukopera poyera! Ndinacheukira Chisomo, mwana woleredwa m'nyumba mwanga. Nayenso!

Ndikanena, ntchito imuthawa. Ndikakhala chete, ndabisa mbala. Ndinaimirira.

"Mayi Saidi! Onsewa akubera mayeso, ngakhale uyo wa diresi yobiriwira!"

Chala changa chinaloza Chisomo.

"Agogo, intaneti ndi yololedwa, kufufuza ndiyo ntchito yake. Lamulo muno ndi limodzi: osasokoneza anzanu." Mayi Saidi anatembenukira kwa Chisomo. "Ndinakuonani mukulowa nthawi imodzi. Ngati muli limodzi, mutuluka nonse. Mukuwadziwa?"

Chisomo anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Sindikuwadziwa, madamu."

Kunangosowa tambala woti alire.

"Ndiye bambo, mwachotsedwa. Mudzayesenso mukadzakonzeka."

Mlonda ananditsogolera kukhomo, woyendetsa boti uja akunong'ona, "Osafooka madala, tonse tinayamba choncho!"

Chisomo anamaliza mayeso ake, ndipo ntchito anaipeza. Ponena za chigamulo cha Mayi Saidi, ndinachivomera popanda apilo, pakuti m'holo yonse woswa lamulo ndinali ine ndekha.

Ana inu, woyang'anira mayeso wodzituma yekha ndiye amayamba kutuluka.