Kamera ya pa geti ndi apongozi a ku Kabwata

Lolemba

Yakwera! Kamera ili pamwamba pa chipilala cha geti. Ndaikhoma ndekha, osagwa pa makwerero, ndipo ndikudziyamikira ndekha poti wina wondiyamikira palibe.

Zonsezi ndi chifukwa cha Loweruka. Kukubwera chilanga mulilo, mwambo wa Abemba: achibale a Chileshe, mtsikana amene Daliso wathu akukwatira, asenza zakudya zakwawo kuchokera ku Kabwata kudzaonetsa mkamwini zimene azidya.

Vuto ndi geti. Nyumba yathu kuno ku Chelstone ili kumapeto kwenikweni kwa poloti, munthu akagogoda sitimva. Ulendo woyamba umene apongoziwa anabwera kudzationa, anamenya geti ndi mwala mpaka dzanja kuwawa, ife tili pa TV, iwo n'kubwerera. Amake Daliso anachita kukapepesa. Azakhali a Chileshe, amene onse amawatchula ba Mayosenge, analankhula osapsatira: zikachitikanso, mabeseni abwerera ku Kabwata osavundukula. Zikatero ukwati wagwedezeka.

Ndiye kamerayi ikaona munthu pa geti, imaliza foni yanga ndi ya Daliso. Ndayesa kuima pamenepo: foni ngwee! "Munthu wapezeka." Ndine munthu, zatsimikizika!

Amake Daliso angoiyang'ana n'kuti, "Tizaona." Nsanje basi.

Lachiwiri

Ku ofesi m'tauni foni sikupuma. Abwana akusuzumira pa khomo: "Imwe, foni yanu ili na malungo?"

Anthu amene kamera yapeza lero:

- Chitenje cha mpingo cha amake Daliso, chija chili ndi nkhope ya malemu abusa, chayanikidwa pa chingwe pafupi ndi geti. Mphepo ikaomba, abusa akugwedeza mutu, foni ikulira. Abusa anatisiya kalekale koma lero atichezera tsiku lonse.
- Mthunzi wa tsamba la nthochi.
- Nkhukundembo ya aneba.
- Nkhukundembo yomweyo, pobwerera.

Munthu weniweni wabwera mmodzi, wowerenga mita ya madzi. Ameneyo kamera sinamuone ngakhale pang'ono. Wangoponya pepala lake pansi pa geti n'kumapita.

Sindikudandaula. Chinthu chatsopano chimafuna kuzolowera malo, ngakhale mkamwini amayamba ndi kulakwitsa.

Lachitatu

Ndadzuka ndi nzeru. Ndapukuta diso la kamera ndi mpango, ndathamangitsa kangaude amene anayamba kale kumanga pamenepo, ndadula tsamba la nthochi. Mu foni ndajambula kabokosi ndi chala kuti izingoyang'ana pa geti pokha, osati msewu wonse. Mphamvu yake yozindikira ndaitsitsa mpaka pansi. Abusa asamutsidwa, akauma kuseri kwa nyumba.

Tsiku lonse foni zii. Mtendere wake! Ndadya nkhomaliro ndikuimba mluzu, ndauzanso anzanga kuti akafuna kamera andifunse ine.

Kufika kunyumba, ndikupeza amake Daliso atakhala pa thumba la makala kunja kwa geti, matumba a kumsika ali mbwee. Anaiwala makiyi. Daliso ali m'nyumba, foni m'manja, akudikira kuti ilire.

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zoopsa. Angoti, "So chitenge changa ni munthu, ine sindine munthu?"

Ndanyamula makala ndekha mpaka kukhitchini. Mphamvu ija ndaikweza pang'ono.

Lachinayi

Ganizo landigwira ndili m'bafa: azimayi aja sabwera chimanjamanja. Abwera mabeseni ali pamutu, atakulungidwa m'zitenje. Kodi kamera imadziwa kuti pansi pa beseni pamakhala munthu?

Mwamuna weniweni amayesa. Ndisanapite kuntchito ndamanga chitenje m'chiuno, ndasenza beseni lochapira, ndatuluka pamsewu. Daliso ali pa khonde ndi foni.

- Kuyenda bwinobwino: munthu.
- Beseni pamutu: palibe kanthu.
- Beseni pamutu, uku ndikuvina pang'ono: palibebe.
- Kugwada, monga amachitira akafika pakhomo: "Chiweto chapezeka." Chiweto! Ine, bambo wa nyumba ino!

Ndili chigwadire, minibasi yaima, anthu onse maso pa ine. Kondakitala akufuula, "Tauni, amai, tiyeni!"

Choipitsitsa, ba Mwape aneba athu aona zonse pamwamba pa mpanda. Iwo ndi Mbemba, ine kwathu ndi ku Chipata, ndiye pali chimbuya, chibale chija chololeza kunyozana popanda wokwiya. Akuseka mpaka kugwira mpanda: "Nenze kukamba ine! Mbeba zamene mumadya zakwela ku mutu!" Ndawayankha kuti abwerere akadyetse anyani awo, paja ndiyo ndiwo ya Abemba. Koma kunyoza munthu uli m'chitenje cha mkazi wako sikumveka mphamvu.

Daliso sakuseka kwenikweni. Akuti, "Adadi, please, Chileshe sagona na nkhani ya geti." Mwanayu ali ndi mantha enieni, ndipo mtima wanga wamva kuwawa. Ndamulonjeza kuti mawa ndikonza.

Lachisanu

Pa nkhomaliro ndathamangira ku kashopu ka pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity kumene ndinagula kamera. Wogulitsa akumva nkhani yanga ndi khutu limodzi, lina lili kwa kasitomala wofuna chaja. Walanda foni, chala chake chikungoti tho tho tho, chilichonse chimene chinali chozima wayatsa. "Manje izaona na nyelele, ba bosi."

Sindinafunse kuti wayatsa chiyani. Munthu wovala tayi safunsa kawiri.

Kunyumba magetsi kulibe, ndiye kuyesa kwalephereka. Komabe pakhomo pakoma! Achibale a ku Chipata afika, tenti yaima, mlongo wanga akulamula aliyense ngati nyumba ndi yake, ana akuthamangitsana m'mipando. Amake Daliso adzitsekera kuchipinda ndi mkazi wa ba Mwape, kukumveka kuseka ndi kuomba m'manja. Akuti si za amuna.

Mawa ndi mawa. Nsapato ndapolisha.

Loweruka

Ndikulemba theka ndi manyazi, theka ndi kuseka.

Magetsi abwera m'mawa. Dzuwa lili pamutu, minibasi yaima pamsewu, ng'oma zayamba, azimayi atsika atavala zitenje zofanana, mabeseni pamutu, nyimbo ili pakamwa. Kukongola kwake! Foni yanga ngwee: "Munthu wapezeka." Yagwira ntchito! Ndikudumpha, ndikuonetsa aliyense.

Kenaka kamera yatsegula kukamwa.

Wiyuu! Wiyuu! Kulira kwa galimoto ya polisi, nyali ikuthwanima, ndipo mawu a mzimayi wa Chingelezi chaukali akulamula apongozi anga kuti achoke pamalo pano msanga, akujambulidwa. Kani wa ku Intercity uja anayatsanso zothamangitsira akuba.

Ng'oma zii. Nyimbo zii. Ine ndikusakasaka pozimitsira, chala chikungotsegula zithunzi za nkhukundembo. Geti latsegulidwa, koma palibe akulowa. Ba Mayosenge, mayi wamfupi wa magalasi, ayang'ana kamera, ayang'ana ine, atembenuka pang'onopang'ono kuloza ku minibasi, ndipo mzere wonse watembenuka nawo. Daliso nkhope yagwa. Ine ndikuona ukwati wa mwana wanga ukukwera minibasi.

Pamenepo amake Daliso andidutsa ngati mphepo, opanda nsapato. Afika kutsogolo kwa ba Mayosenge, agwada, agona chammbali pafumbi ndi diresi lawo latsopano, akuomba m'manja, atembenukira mbali inayo, akuombanso. Ulemu wa Chibemba weniweni! Kani ndi zimene amaphunzira kuchipinda dzulo. Zaka zonsezi ndili nawo mayiwa, sindinawakondepo ngati lero.

Ba Mayosenge aima. Kamera ikadali wiyuu, wiyuu. Woimba ng'oma wina, Mulungu amudalitse, wayamba kuitsatira: wiyuu, du-du, wiyuu, du-du. Phewa la ba Mayosenge layamba kugwedezeka lokha. Aphulika kuseka: "Imwe ba mbuya! Tabwela na vakudya, imwe mwatiitanila ba polisi?"

Nthungululu! Mlandu waweruzidwa pomwepo pamsewu:

- Ndikwere makwerero, ndizule waya, ndiphimbe kamera ndi chitenje chimene ba Mayosenge amasula m'chiuno mwawo. Akuti ndi namwali wopanda mwambo, akhale m'nsalu mpaka alangidwe.
- Ndipakidwe paudala kumaso ndi m'mutu monse. Ba Mwape adzipereka okha pa ntchitoyi, mosangalala kwambiri.
- Ndivine kutsogolo kwa mzere kuyambira pa geti mpaka pa khonde. Poloti yathu ndi yaitali, lero ndiye ndadziwa.

Zakudya zalowa! Chikanda, ifisashi, finkubala, nkhuku, kapenta, impwa, mabeseni osatha. Akuvundukula limodzilimodzi, akumufotokozera Daliso, iye akungomwetulira misozi ili m'maso. Ine ndadya ndili mbuu ngati mzukwa, ndipo sindinasambe mpaka alendo atapita.

Lamulungu

Kutchalitchi paudala akadali m'makutu. Aliyense akundipatsa moni wa "wiyuu". Nkhani imathamanga kuposa minibasi mu Lusaka muno.

Kamera ili chiphimbire. Ba Mayosenge alamula kuti wovundukula ndi iwo okha, ukwati ukatha, ndipo ndiwakonzere nkhuku. Sindikutsutsa. Ndaonera zimene inajambula isanazimitsidwe: aliyense yamuzindikira bwinobwino, ndi beseni lomwe. Maso inali nawo, chimene inasowa ndi ulemu, ndipo batani la ulemu mu foni mulibe. Ndafufuza.

Amake Daliso bondo lasupuka, diresi lapita. Ndawaphikira tiyi ndekha, ndawapititsira pa khonde. Alandira akumwetulira m'kapu.

Masana foni yalira, ndadzidzimuka mwachizolowezi. Si kamera, ndi Chileshe. Mpaka lero amanditchula "ba ankolo", mwamanyazi. Lero akuti, "Ba Tata, muli bwanji? Ba Mayosenge bakamba ati banja yanu ni yabwino, niziyenda chabe osayopa. Ati muvina monga muli na minga ku mendo, koma muvina."

Ba Tata! Ndakhala kaye pansi.

Za makamera ndasiya. Ukwati ulipo, ndipo chikanda chatsala mufiriji ndi changa.