Tsiku limene mudhudhudhu wa amalume unandikoka mpaka ku Shamva

Abale anga, musaseke chinthu chifukwa choti ndi chakale, ine ndinaziona. Mng'ono wanga Yohane anapeza mbeta ku Shamva, ndiye pabanja anasankha ine ndi amalume, a Mbewe, kuti tikaonekere kwa makolo a mtsikana. Amalumewa anali makaniko papulazi yathu kuno ku Glendale, ndipo ali ndi chimudhudhudhu, chinjinga chamoto chachitali, chokhala ngati mpando wa bwana, chomwe anachipeza ine ndisanabadwe.

"Kwera kumbuyo kuno, mphwanga," anatero.

Ine? Nditavala suti? Ndili ndi kanjinga kanga kamoto kofiira, kogula chaka chathachi? Ndinati, "Malume, tsogolani, ndikupezani panjira mukukankha." Ndinawapitirira ndikuliza hutala, mpaka kuwabayibitsa.

Titangodutsa Bindura, kanga kaja kanayamba kutsokomola, kenako utsi, kenako zii. Ndinaponda, ndinaponda, thukuta mpaka m'masokosi. Ndiye ndikumva patali du, du, du, mofatsa ngati mtima wa munthu wosalakwa. Amalume anaima, anasolola kachitsulo koyezera oilo pakanjinga kanga, kouma gwa!

"Oilo unasintha liti?"

Kodi inu mumadziwa kuti amasintha? Ine ndinkayesa njinga imabwera ndi oilo wa moyo wonse.

Sanandikalipire. Anatulutsa chingwe, anamanga kanjinga kanga kumbuyo kwawo. Maiwe, mphamvu zake! Ine, njinga yanga, amalume, thumba la zovala, chonsecho chinakwera chitunda osasintha ndi mawu omwe. Ndinachita kutsegula pakamwa, mpaka ndinaiwala kuti ndili ndi buleki. Pageti la apongozi amalume anaima, ine ayi. Ndinakalowa mumpanda wa minga, buluku n'kung'ambika kumbuyo konse, azimayi akululutira alendo.

Pofuna kuchotsa manyazi, ndinaloza mita yowerenga mtunda panjinga ya amalume n'kuuza anthu kuti, "Musadabwe, iyi sinayende kwambiri, onani manambala ochepawa."

Amalume anapukuta galasi lake ndi mpango. "Inadzaza, inayambiranso. Kawiri. Injini sinatsegulidwepo. Oilo pa nthawi yake, tcheni Loweruka lililonse, basi."

Anthu onse anazungulira njinga ija, wina mpaka anavula chipewa. Inenso ndinaima pomwepo, dzanja limodzi litagwira kumbuyo, ndikuyang'ana chitsulo choposa ine zaka chikungonong'ona, osadontha ngakhale kadontho.

Nkhani itatha m'nyumba, bambo a mtsikana anayang'ana Yohane, yemwe anali atatsogola pabasi, n'kunena kuti, "Mukwasha, mkamwini wathu, mwana tikupatsani. Koma tiuzeni kaye, kasamalidwe ka zinthu munatengera amalume anu, kapena akulu anu ali ndi chitenje m'chiunowa?"

Chitenjecho chinali cha amayi a mkwatibwi, chamaluwa achikasu. Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka m'mawa mukandifuna mundipeza kwa amalume, nditagwada, ndikupaka tcheni girisi, pakamwa nditatseka.