Mundilembe Kuti Ndine Mbira

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mukazimva musandiseke, makamaka iwe Esinati ndi kukamwa kwakoko. Ndinalota ndili kuntchito ku labotale, kumene ndimasamala mbira zimene madokotala amazidontheza mungu wa chimanga m'maso pofufuza mankhwala a maso oyabwa. Ndiye ndikusesa m'makola monga mwa masiku onse, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, pakuti munguwo umandilowa inenso, ndipo magalasi otchinga kumaso ndapempha mpaka kutopa.

Mwadzidzidzi tsache linandilankhula m'manja. "Mayi Nachisale, taonani akubwerawo."

Kucheuka, ndi bwana wathu a Dokotala Likongwe, gawuni ili mbee, koma ndevu zikutalika, miyendo ikufupika, mpaka asanduka chimbira chonenepa chovala tayi. Pambuyo pawo mlembi wa komiti yoona za ufulu wa nyama, iyenso wasanduka nungu, minga yake mabolopeni okhaokha. Ndiye sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, ine ndapezeka m'khola, kukhutu andikoloweka nambala, pansi pamera chimanga, ngayaye zikundigwedezekera pamutu.

"Tsegulani diso lakumanzere, mayi," anatero a Dokotala uku akutafuna kabichi. "Tione kuti mukanda kangati pa mphindi khumi."

"Sinditsegula."

Kabotolo ka mungu kanadumpha patebulo, nkumandinyengerera ndi timawu tating'ono. "Kadontho kamodzi kokha, amayi, sindichedwa."

"Iwe khala chete, amakutsuka ndine!"

Ndiye nungu anazula bolopeni pamsana pake natsegula chibuku cha malamulo. "Lamulo likuti mbira ipatsidwe madzi abwino, mthunzi, ndi mankhwala ikamva kuwawa. Za wosesa silinenapo kanthu."

"Chabwino," ndinatero, manja m'chiuno. "Mundilembe kuti ndine mbira, mundipatse zonsezo lero lomwe!"

Mwadzidzidzi labotale yonse inamera matayala nkuyamba kuyenda pakati pa munda wa chimanga, mabotolo akuimba nyimbo ya kwaya. Mbira yokalamba ya m'khola loyandikana, diso lili lofiira ngati langa, inandikodola. "Ife timakanda kuti ana a anthu adzagone osakanda. Zikutiwawa, koma tikudziwa chifukwa chake. Nanga inu, asisi, mukukandira yani?"

Mawu amenewo anandiotcha mumtima. Ndinamenya chitseko cha khola ndi theche, ndinatuluka, ndinatsegula mawindo onse. Ndiye mungu unalowa ngati fumbi la kamvulumvulu, chikasu chokhachokha. Nungu anathawira pansi pa tebulo mabolopeni akuyoyoka, a Dokotala akuyetsemula mpaka tayi kutembenukira kumsana.

"Mayi Nachisale, tsekani mawindo! Maso anga!"

"Dikirani kaye, bwana," ndinatero ndikukhala pampando wawo wozungulira uja, mwendo pamwamba pa unzake. "Mphindi khumi sizinakwane."

Ndiye anayamba kudzikanda ndi kamwendo kakumbuyo, kwee, kwee, kwee, mbira zonse zikuwerenga nane mokweza ngati ana a sukulu, ine osaphethira ngakhale pang'ono. Titafika pa makumi anayi ndinadzidzimuka. Kunja kwacha kale, ndipo kuseri kwa mpanda anali amake Tiyese, oyandikana nane nyumba, akukwecha poto wawo ndi mchenga, kwee, kwee, kwee.